Mchere, Shuga ndi Madzi m'Thupi la Wodwala Kolera

Pafupifupi magawo 60 pa 100 alionse a thupi la munthu wamkulu ndi madzi, ndipo madziwo sayenda okha ayi. Kumene mchere wapita, iwo amalondola komweko, kudutsa timakoma topyapyala ta maselo.

Tizilombo ta kolera timatulutsa poizoni amene amachititsa matumbo kukhuthula mchere wa m'thupi. Madzi nkutsatira, nthawi zina lita yathunthu pa ola limodzi. Maso amalowa, mkodzo umasiya kutuluka. Tidaziona zimenezi pa mliri umene udayambira ku Machinga mu 2022.

Komatu m'matumbo muli khomo lina limene poizoniyo salitseka. Khomoli limalowetsa mchere pokhapokha ukadza pamodzi ndi shuga, ndipo madzi amabwerera nawo m'magazi. Apa ndi pamene pagona mphamvu ya Thanzi ORS. Madzi okhaokha sakwanira.

Paketi ikasowa, tisungunule masipuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa. Mcherewo tisaonjezere, ukachuluka umapweteka, makamaka ana. Tizimwetsa wodwalayo pang'onopang'ono uku tikupita naye kuchipatala. Ngakhale m'mwezi wa Ramadhan, wodwala wotere amasule swaumu, adzabweza masikuwo akachira.