Kodi Mbendera Mumaidziwa Bwino?

Pa sukulu za ku Makokola ndi madera ena a ku Mangochi, mbendera sichedwa kutha, makamaka m'miyezi ya mwera. Mukaiyang'anitsitsa muona kuti nthawi zonse imayamba kung'ambikira mbali imodzi. Mbali imeneyo ili ndi dzina, ndipo aliyense wopatsidwa udindo wokweza mbendera, kaya pa asembule kapena ku kampu ya ma Pathfinder, ayenera kudziwa mayinawa.

Mbali yogundana ndi mlongoti imatchedwa hoist pa Chingerezi. Osoka amailimbitsa ndi nsalu yokhuthala chifukwa ndi yomwe imamangidwa ku chingwe chokwezera, chotchedwa halyard. Mbali yakutali, yomwe imakupiza ndi mphepo, ndi fly, ndipo ndi imene mwera umayamba kudya. Ikapindidwa ndi kusokedwa kawiri, mbendera imakhalitsa. Ngodya yam'mwamba ya kufupi ndi mlongoti ndi canton, malo aulemu pa mbendera zambiri.

Mbendera yathu inayamba kugwira ntchito pa 6 July 1964. Ili ndi mizere itatu yopingasa yofanana kukula: wakuda pamwamba, wofiira pakati, wobiriwira pansi. Pa mzere wakuda pali dzuwa lofiira lotuluka, lokhala ndi timizere 31 ta kuwala. Muyeso wake ndi 2:3, kutanthauza kuti ngati mulifupi ndi mita imodzi, mulitali ndi mita imodzi ndi theka. Mu 2010 boma la Bingu wa Mutharika linaisintha n'kuika dzuwa loyera lathunthu pakati, koma mu 2012 Nyumba ya Malamulo inabwezeretsa yakale ija.

Musanakoke chingwe, onetsetsani kuti wakuda uli pamwamba. Mbendera yozondoka imachititsa manyazi, ndipo kwa apanyanja chakhala chizindikiro chakuti zinthu zavuta. Imakwezedwa mwachangu, kutsitsidwa pang'onopang'ono, ndipo siyenera kukhudza pansi.

Ambiri amalakwitsa pa nthawi ya maliro a fuko, monga masiku 21 olira Wachiwiri kwa Pulezidenti Saulos Chilima mu June 2024. Mbendera siingoimitsidwa panjira. Imayamba yafika pamwamba penipeni, kenako n'kutsitsidwa kufika chapakati pa mlongoti. Madzulo imakwezedwanso mpaka pamwamba isanatsitsidwe. Ikatsika, anthu awiri ailandire m'manja, aipinde bwino, ndipo aione ngati kumapeto kwake kwayamba kusosoka.