Za Chotupa Chobisala m'Chifuwa

Mverani za nthenda ina yosowa, imene ivala nkhope ya nthenda zinzake. Munthu akatsokomola masabata awiri, tonse tiganiza za chifuwa chachikulu, ndipo tichita bwino, pakuti ndicho chichuluka pakati pathu. Koma alipo ena amene makhololo awo ayesedwa kawiri katatu osapezeka kachilombo, kapena amwa mankhwala miyezi 6 yathunthu, chifuwa chili chomwecho. Alavula magazi, apuma moliza ngati wa mphumu, ndipo chibayo chiwagwira, nichibweranso mbali yomweyo.

Mwa anthu otere, owerengeka ali ndi chotupa chotchedwa carcinoid, dzina limene dotolo wa ku Germany, Siegfried Oberndorfer, anachipatsa m'chaka cha 1907. Mwa khansa 100 za m'mapapo, zamtunduwu ndi imodzi kapena ziwiri zokha. Chimera m'njira za mpweya, ndipo chigwira ngakhale achinyamata amene sanalaweko fodya. Chikula pang'onopang'ono, zaka ndithu, kufikira chitseka njirayo monga chitsononkho pakamwa pa botolo. Kuseri kwake makhololo aunjikana, ndiko kuchokera chibayo chija. Chili ndi mbale wake waukali, wotchedwa small cell, amene atsata osuta fodya nathamanga msanga.

Nanga chipezeka bwanji? Chithunzi cha X-ray nthawi zina sichichionetsa. Pafunika chithunzi cha CT, ndiponso kachubu ka nyali kolowetsa pakhosi, kuti dotolo aone ndi maso, natapeko kachidutswa kokayesa. Izi si ntchito za chipatala chaching'ono. Pemphani kalata yopita nayo ku Gulupu, ndiko ku Queen Elizabeth.

Mankhwala ake enieni ndiwo opaleshoni, ndipo musaope mawuwa. Phapo lakumanja lili ndi zigawo 3, lakumanzere 2. Achotseko chimodzi, munthu apumabe, nalima munda wake. Mwa odwala 10 amene chotupa chofatsachi chachotsedwa chisanafalikire, ngati 9 akhala ali moyo patapita zaka 5. Chikafalikira, ilipo jekeseni ya mwezi ndi mwezi, monga octreotide, yochichepetsa mphamvu, koma yosachichotsa.

Chotero amayi ndi abambo, wodwala wanu akatsiriza mankhwala osachira, musafulumire kunena kuti walodzedwa. Bwererani naye kuchipatala, mutanyamula kabuku kake ndi zithunzi zakale zonse, nimuuze dotolo mbali imene chibayo chibwerera, ndi kangati.