Kugona m'lole m'nyengo yachisanu

Mumsewu wa M12, umene umachoka ku Lilongwe kudzera pa Njewa, Mpingu ndi Namitete mpaka ku Mchinji, mumayenda malole ambiri, ndipo kwa madalaivala a maulendo ataliatali galimoto ndiyo nyumba. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene fodya wa ku Nsaru ndi Kabudula akupita ku okushoni ku Kanengo, chisanu cha m'bandakucha chimalowa m'lole mosavuta, chifukwa chitsulo sichisunga kutentha ngati khoma la njerwa. Pofuna kudzitenthetsa, choopsa kwambiri ndi mbaula, pakuti makala oyaka m'malo otsekedwa amatulutsa mpweya wakupha wotchedwa carbon monoxide, umene suoneka ndiponso sununkha, ndipo umapha munthu ali m'tulo. N'chifukwa chake mbaula iyenera kutsala panja, m'katimo mulowe mabulangete okha.