Ndalama Yakufa Pamsika, Yamoyo M'kabati

Chiyambire chaka cha 2002, pamene dziko la Portugal linasiya escudo ndi kutenga euro, ndalama zake zakale zapepala sizigulanso ngakhale mchere. Komabe alipo anthu amene amazisonkhanitsa nazisamala ngati khanda, ndipo imodzi mwa zimene amazilakalaka kwambiri ndiyo ya ma escudo 500, ya nkhope ya Vasco da Gama.

Kutchuka kwake kunadza ndi tambwali. M'chaka cha 1924, Alves dos Reis anapeka zikalata zabodza, nanyenga nazo kampani ya Waterlow and Sons ya ku London kuti imsindikizire mapepala 200,000 a ndalamayi. Popeza kampaniyo ndiyo inkasindikiziranso Banco de Portugal, zachinyengozo zinafanana ndi zenizeni ngati mapasa. Chinsinsi chinaululika mu Disembala 1925 ku Porto, atapezeka mapepala awiri a nambala imodzi. Mu 1930 Reis anagamulidwa zaka 20.

Tsono wosonkhanitsa wochenjera satengeka ndi kuwala kwa pepala ayi. Amayamba wasanthula nambala, tsiku ndi dzina losainidwapo, pakuti m'menemo ndimo mwagona mbiri, ndipo mbiriyo ndiyo imapatsa mtengo pepala limene msika unalikana kalekale.