MAU A CINGELEZI SAYENDA OKHA

Mnyamata amene watsiriza maphunziro ace akhala pansi kulemba kalata yopempha nchito ya ukalaliki. Mau onse amene afuna kulemba awadziwa, ndipo sanaphonye lemba ngakhale limodzi. Alemba kuti, "I am applying a job in your office," ndipo potsiriza aonjeza kuti, "Please explain me the duties." Wolandira kalatayo aiwerenga, naiika pambali, natenga ya munthu wina. Mnyamatayo sadzauzidwa cifukwa cace.

Kodi colakwa cace nciani? M'kalatamo mulibe liu lacilendo, koma mwini Cingelezi sanena "apply a job", anena "apply for a job". Ndiponso sanena "explain me the duties", anena "explain the duties to me". Mnyamatayo anadziwa tanthauzo la mau, koma sanadziwe anzao amene mauwo ayenda nao. Liu liri lonse la Cingelezi liri ndi kayalidwe kace, ndiko kuti mtundu wa mau amene ayenera kulitsata ndi malo amene ayenera kukhalapo.

Wolankhula Cinyanja apunthwa pamenepa cifukwa ziyankhulo ziwirizi zigwira nchito imodzi mwa njira zosiyana. M'Cinyanja mneni, ndilo liu lonena cocitika, usintha wokha pofuna kuonetsa munthu amene acitiridwa kanthu. "Anagula buku" asanduka "anagulira mwana buku", ndipo "anafotokoza" asanduka "anandifotokozera". M'Cingelezi mneni susintha cotero ai. Nchito imeneyo igwiridwa ndi malo a mau m'ciganizo, kapena ndi timau tating'ono monga "to", "for", "at" ndi "on".

Msampha wace ndi uwu. Cingelezi cilola kunena kuti "He gave me a book" ndi "He told me the story". Wophunzira atazolowera zimenezi ayesa kuti aneni onse acita cimodzimodzi. Koma "explain", "describe" ndi "suggest" akana. Iwo afuna "to" patsogolo pa dzina la munthu. "Tell" ndi "explain" ayandikana m'tanthauzo, komabe kayalidwe kao nkosiyana, ndipo tanthauzo lokha silingamcenjeze wophunzira. Momwemonso Mngelezi anena "I want to go" koma "I enjoy going". Kunena "I enjoy to go" nkulakwa, ngakhale womva angazindikire cimene wonenayo afuna.

Nthawi zina kusintha kayalidwe kusintha nkhani yonse. "He stopped smoking" ndiko kuti munthuyo analeka fodya, koma "He stopped to smoke" ndiko kuti anaima panjira kuti asute. "Remember to lock the door" ndi lamulo la kusaiwala kukhoma citseko, pamene "I remember locking the door" ndi umboni wa munthu wokumbukira kuti anakhoma kale. Mlonda wa sitolo wosokoneza ziwirizi angadzipalire mlandu.

Anthu amene anayamba kusanthula zimenezi mwakhama anali aphunzitsi a Cingelezi m'dziko la eni. Mwana wa ku England aphunzira mayalidwe a mau pa miyendo ya amace, ndipo sadziwa nkomwe kuti alipo. Koma mphunzitsi amene aona colakwa comweco m'makope makumi anai ayamba kufunsa gwero lace. Harold Palmer anapita ku Japan m'caka ca 1922 kukathandiza pa kaphunzitsidwe ka Cingelezi, ndipo kumeneko anagwira nchito pamodzi ndi A. S. Hornby. Hornby, mothandizana ndi E. V. Gatenby ndi H. Wakefield, anakonza buku lomasulira mau limene linasindikizidwa ku Tokyo mu 1942, ndipo Oxford University Press inalitulutsanso mu 1948. Cacilendo m'bukulo cinali cakuti aneni anagawidwa m'mayalidwe 25, ndipo pa mneni uli wonse panalembedwa nambala yoonetsa kayalidwe kamene mneniwo ulola. Wophunzira potsegula bukulo sanapeze tanthauzo lokha ai, anapezanso njira yomangira ciganizo. Mu 1954 Hornby anatulutsa buku lina, A Guide to Patterns and Usage in English, lofotokoza mayalidwewo mwatsatanetsatane.

Aphunzitsi amenewa anadalira kwambiri makutu ao ndi nzeru zao. Koma kunatsala funso lakuti, kodi anthu alankhuladi monga momwe mabuku anenera? Cifukwa ca funso limeneli Randolph Quirk anayamba mu 1959 nchito yochedwa Survey of English Usage, imene inakhazikika pa University College London. Iye ndi anzace anasonkhanitsa zigawo 200, ciri conse ca mau 5,000, theka zolembedwa ndi theka zolankhulidwa, zonse pamodzi mau miliyoni imodzi. Anatenga makalata, manyuzipepala, nkhani za pa wailesi, ndiponso maceza a anthu wamba ojambulidwa pa makina. Zitsanzo zinalembedwa pa timapepala tosungidwa m'makabati, kotero kuti wofuna kudziwa mayendedwe a liu lina anatha kutulutsa timapepalato ndi kuwerenga. Zipatso za nchitoyo zinalowa m'buku lalikuru la galamala limene Quirk, Greenbaum, Leech ndi Svartvik anatulutsa mu 1985.

Makina a kompyuta atafika, nchito ya zaka zambiri inayamba kutha m'kanthawi. Mu 1980 John Sinclair wa pa University of Birmingham anayamba nchito yochedwa COBUILD. Mau mamiliyoni ambiri anaikidwa m'makina, ndipo makinawo anandandalika malo onse amene liu limodzi lipezeka, liulo pakati pa mzere ndi anzace kumanja ndi kumanzere. Woyang'ana mizere imeneyo kucokera pamwamba kutsikira pansi aona ndi maso ace mau obwerezabwereza. Buku lomasulira mau locokera m'nchito imeneyi linatuluka mu 1987.

Njira imeneyi inaulula zinthu ziwiri zimene ngakhale eni ciyankhulo sanali kuzizindikira bwino. Coyamba ncakuti mau ena akonda nkhani za mtundu umodzi. Sinclair anaona kuti "set in", amene atanthauza kuyamba ndi kukhazikika, anenedwa kawiri-kawiri za zinthu zosakondweretsa, monga kuola, matenda ndi nyengo yoipa. Cotero wonena kuti "happiness set in" sanaswe lamulo la galamala, koma khutu la mwini ciyankhulo limva kuti pali cina cosakhala bwino.

Caciwiri ncakuti mau okhala ndi kayalidwe kamodzi kawiri-kawiri ali pa cibale m'tanthauzo. Susan Hunston ndi Gill Francis anafotokoza zimenezi m'buku lao la Pattern Grammar mu 2000. Citsanzo cace ndi kayalidwe ka m'ciganizo cakuti "They talked him into selling his cattle", ndiko kuti anamnyengerera kufikira atagulitsa ng'ombe zace. M'malo mwa "talked" mungalowe "tricked", "frightened" kapena "forced", ndipo onsewa anena za kucititsa munthu cinthu cimene mwina sakadacita mwa iye yekha. Womva mneni wacilendo m'kayalidwe kameneka angathe kulota tanthauzo lace asanatsegule buku. Ici ncothandiza kwambiri, pakuti cionetsa kuti mayalidwe sangokhala mulu wa malamulo oloweza pamtima. Ambiri ali m'mabanja, ndipo wodziwa mmodzi wa pa banjalo sacedwa kuzindikira abale ace.

Wophunzira wamba alibe makabati a timapepala, komabe njira ya akatswiriwo angaitsate m'kope lace. Asalembe liu lokha ndi tanthauzo lace pambali, koma alembe ciganizo conse m'mene walipeza. M'malo mwa "depend" alembe "depend on rain". M'malo mwa "discuss" alembe "discuss the matter", nakumbukire kuti "about" safunika pamenepo. Pomvera wailesi kapena powerenga nyuzipepala asankhe mneni umodzi pa mlungu, nachere khutu ku mau amene autsata. Akapeza zitsanzo zisanu kapena zisanu ndi cimodzi aziike pamodzi ndi kuona cimene cibwerezedwa. Ndipo potsegula buku lomasulira mau asaime pa tanthauzo, awerengenso zitsanzo ziri pansi pace, pakuti kayalidwe kaoneka m'menemo.

Mnyamata wa kalata uja sasowa mau atsopano ai. Afunika kubwerera ku mau amene awadziwa kale, monga "apply", "explain", "ask" ndi "reply", ndi kuphunzira anzao amene ayenda nao. Akatero, kalata yace yaciwiri idzawerengedwa kufikira kumapeto.