Lumo la Agogo Lisathere pa Gilayinda

Loweruka lomaliza la mwezi wa Ogasiti, pamene mafumu a Acewa a mu Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi, midzi ya ku Katete, Sinda ndi Vubwi imadzaza ndi ana ocokera m'tauni. Masiku amenewo ndiwo otsegula mabokosi akale, ndipo pansi pa zikalata zodyedwa ndi ciswe pamapezeka kanthu kokulunga m'kasanza: lumo la malemu agogo, lofiira ndi dzimbiri, mwina pamodzi ndi kamwala kake konolera. Ambiri a ife timathamanga nalo kumsika kwa anyamata a gilayinda. Kumeneko ndiko limakafera.

Tisanalikhudze, tiyambe talizindikira. Lilipo lumo lathu lenileni, losulidwa m'mudzi pa mvukuto: kacitsulo kophwatalala, kotambalala kumutu, kocepa kogwirira, kopanda dzina koma mabala a nyundo okha. Ndilo linkameta anamwali ndi anamfedwa, ndilonso linkatema mphini. Lotere sitilipala mpaka kuwala, pakuti mabala a nyundowo ndiwo umboni wake. Kulipaka mafuta ndi kulisunga pouma kwakwana.

Lina ndi lopinda ngati mpeni, limene makolo athu ankabwera nalo kucokera ku Joni, ku Wankie, ku Salisbury kapena ku migodi ya Copperbelt. Mbiri yake inalembedwa pakhosi, pamene citsulo cimalowa m'cigwiriro. Pukutani pamenepo ndi kansalu ka mafuta, muwerenge padzuwa. Mukaona Sheffield, ndiye kuti linasulidwa ku England. Mukaona Solingen, ndi la ku Germany. Nyenyezi ndi kamtanda ndi cizindikiro ca Joseph Rodgers & Sons, pamene kaliwo wosutira fodya ndi wa George Wostenholm. Liu lakuti England pansi pa Sheffield kawirikawiri limasonyeza kuti lumolo linapangidwa kuyambira 1891, cifukwa lamulo la ku America la 1890 linalamula kuti katundu wolowa m'dzikomo azilembedwa dziko kumene wacokera. Malumo otere anayamba kucepa pamene malezala otaya a King Gillette, amene anayamba kugulitsidwa mu 1903, anafala pa dziko lonse.

Yang'ananinso cigwiriro. Ca nyanga kapena fupa cilibe vuto. Koma zambiri zinali za pulasitiki yakale yochedwa celluloid, imene ikakalamba imatulutsa mpweya wowawasa wodya citsulo. Ngati dzimbiri laculuka pa mbali yokhayo imene imabisala m'cigwiriro, mdani ndi cigwiriroco, ndipo ciyenera kucotsedwa msanga. Mmisiri wa matabwa angatiseme cina ca mukwa.

Nanga gilayinda ilakwa ciani? Mbali yakuthwa ya lumo ndi yopyapyala ngati tsamba la cimanga. Mwala wozungulira ndi magetsi umaitentha m'kamphindi, ndipo mukaona yasanduka yabuluu, dziwani kuti kulimba kumene osula anaikamo ndi moto ndi madzi kwatha. Lumolo silidzasunganso kuthwa. Dzimbiri limafuna mafuta a makina osokera, sandipepa wosalala kwambiri ndi madzulo angapo. Koma ngati ladya maenje mpaka m'mbali yakuthwa, kapena citsulo cang'aluka, musavutike: likhale cikumbutso cabe.

Kamwala kaja musakapeputse, pakuti nthawi zina kamaposa lumo pa mtengo. Mwala wokhakhala wa mbali ziwiri wa m'masitolo a zitsulo ndi wa mipeni ndi nkhwangwa, monganso uja wokumbika pakati umene uli pakhomo pathu. Wa lumo ndi wosalala ngati mbale yadothi. Ukakhala wacikasu pamwamba, wabuluu modera pansi, ungakhale wocokera ku Vielsalm m'dziko la Belgium, kumene miyala yotere yakumbidwa kwa zaka mazanamazana. Ukaupaka ndi kamwala kena pamadzi umatulutsa madzi oyera ngati mkaka, ndipo madziwo ndiwo amanola. Ngati wakumbika, uikeni cafufumimba pa sandipepa wonyowa woyalidwa pagalasi, muukhule mpaka ulingane ponse.

Ponola, lumo ligone lonse pamwala, msana ndi mbali yakuthwa pamodzi, osalitukula monga ticita ndi mpeni. Likankheni mbali yakuthwa ili patsogolo, mopanda mphamvu, kenaka mulitembenuzire pamsana ndi kubwerera. Pa lamba wacikopa zimasinthana: msana ndiwo utsogola. Likayamba kudula ubweya wa pamkono popanda kukoka, lafika.

Tsopano pali nkhani imene sitingaizembe. M'masiku a agogo lumo limodzi linkayenda pamitu ya banja lonse pa tsiku lometa maliro, ndipo palibe ankaona coipa. Lero tidziwa kuti kadontho ka magazi kosaoneka ndi maso kangathe kunyamula kacirombo ka Edzi kapena ka matenda a ciwindi a Hepatitis B, kamene kamakhala ndi moyo pa citsulo couma kwa masiku 7 kapena kupitirira. Katemera wa matenda a ciwindiwa anayamba kuperekedwa kwa makanda mu Zambia mu 2005, kotero ambiri a ife akuluakulu sitinamulandire. Kupukuta lumo pa malaya kapena kulitsuka m'madzi ozizira sikupha tizirombo timeneti. Conco lumo lokonzedwalo likhale la ndevu za munthu mmodzi, amene banja lagwirizana kumupatsa, kaya ndi mwana wa malemu kaya mwana wa mlongo wao monga mwa mwambo wathu. Pa tsiku lometa, amalume agule malezala atsopano, aliyense lake, ndipo pomaliza onse aponyedwe m'cimbudzi ca dzenje kumene ana sangawatole.