Kukonza Nyumba Mvula Isanadze

Nyumba ndi chuma chachikulu pa banja lililonse. Imatiteteza ku mvula, dzuŵa, mphepo, zilombo ndi akuba. Koma nyumba, ngakhale ikongole chotani, imakalamba monga akalambira munthu. Denga limayamba kudontha, makoma amang'aluka, zitseko zimagwedera. Mwini wake akapanda kusamala, nyumba imene ikadakhala zaka zambirimbiri imagwa msanga.

M'dziko lathu lino mvula imagwa kuyambira mwezi wa Novembala mpaka Epulo, ndipo nthaŵi zina imadza ndi mphepo ya mkuntho. M'mwezi wa Malichi chaka cha 2023, namondwe wotchedwa Freddy adagwetsa nyumba zambiri m'maboma a Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Namondwe wotere palibe munthu angamletse. Komabe nyumba zochuluka zimagwa ndi mvula wamba ya chaka ndi chaka, chifukwa eni ake adanyozera kachilema kakang'ono. Akulu adati, "Zengerezu adalinda kwaukwau." N'chifukwa chake mmisiri wanzeru amakonza nyumba m'chilimwe, mitambo isanayambe kusonkhana.

Kodi mmisiri akafika pa nyumba amayang'ana chiyani? Iye safulumira kugwira nyundo. Amayamba wazungulira nyumba yonse pang'onopang'ono, nayang'ana denga, makoma, maziko ndiponso matabwa. Amafuna adziŵe gwero la vuto, pakuti kumata khoma denga likudonthabe ndi kutaya mphamvu pachabe.

Denga

Mdani woyamba wa nyumba ndiye madzi, ndipo khomo lake lalikulu ndi denga. Denga laudzu limafuna kufolera mwatsopano udzu ukayamba kuola. Udzu wabwino, monga tsekera, umamwetedwa utakhwima, m'miyezi ya Juni ndi Julayi, moto wolusa usanaloŵe m'tchire. Pofolera, mmisiri amayambira m'munsi kukwera m'mwamba, kuti udzu wam'mwamba uzivundikira wam'munsi. Akatero madzi amatsetsereka pamwamba osaloŵa m'kati. Denga laudzu liyenera kukhala lotsetsereka ndithu, chifukwa lathyathyathya limasunga madzi ndipo udzu umaola msanga. Asanafolere, mmisiri amachotsa mapaso ofumbwa ndi luzi lothetheka naikapo zatsopano. Ntchito imeneyi imafuna anthu angapo, paja mutu umodzi susenza denga.

Denga lamalata nalonso lili ndi mavuto ake. Kuti apeze podontha, mmisiri amaloŵa m'nyumba masana, natseka chitseko ndi mazenera, nayang'ana kumwamba. Paliponse pamene pakuoneka kadontho ka kuŵala, pamenepo pali chiboo. Chiboo chaching'ono amachitseka ndi phula, koma lata lodyeka ndi dzimbiri amalichotsa ndi kuikapo lina.

Taonetsetsani lata. Lili ndi mizere yokwera ndi yotsika, monga mizere ya m'munda ndi makwaŵa ake. Madzi amayenda m'mizere yotsika. Chifukwa cha ichi msomali uyenera kukhomedwa pa mzere wokwera. Munthu wokhoma msomali pa mzere wotsika wadzitsegulira yekha njira ya madzi. Misomali yogwedera iyenera kuzulidwa ndi kukhomapo ina, chifukwa mphepo ikapeza lata limodzi lomasuka imatha kusasula denga lonse. Anthu ena amasanjika miyala pa denga kuti lisauluke. Njira yabwino koposa ndiyo kumangirira mitanda ya denga ku khoma ndi waya wolimba, popeza miyala imapinda malata, ndipo ikagubuduka ingathe kuvulaza munthu.

Makoma

Ming'alu ya pa khoma ili ya mitundu iŵiri. Ina ndi yaing'ono ngati ulusi, ndipo ili pamwamba pokha. Ina ndi yaikulu, yoyenda mokhotakhota kuchokera pansi kapena pa ngodya ya zenera. Mmisiri amalemba chizindikiro ndi pensulo pamene mng'alu wathera, nadikira milungu ingapo. Mng'alu ukapitirira chizindikirocho, ndiye kuti maziko akutitimira, ndipo kumata kokha sikungathandize. Khoma lotere ndi loopsa, ndipo anthu sayenera kugona pafupi nalo mpaka litakonzedwa.

Pokonza mng'alu waung'ono pa khoma lanjerwa zootcha, mmisiri amayamba waukuza pang'ono, nachotsa fumbi lonse, nathirapo madzi. Amathira madzi chifukwa njerwa youma imamwa madzi a m'simenti, ndipo simentiyo imayoyoka isanagwire. Kenaka amasakaniza muyeso umodzi wa simenti ndi miyeso 4 ya mchenga wa kumtsinje wopanda dothi. Amakanda pang'ono pokha, pongokwanira ntchito ya nthaŵi yomweyo, chifukwa simenti yothira madzi sichedwa kuuma. Akatha kumata, pamalopo pamafunika kuwazapo madzi m'maŵa ndi madzulo kwa masiku 7. Ambiri amaganiza kuti simenti imalimba ndi dzuŵa, koma zoona zake n'zakuti imalimba ndi madzi.

Khoma lazidina kapena lamdindo limamatidwa ndi dothi, chifukwa simenti sigwirana bwino ndi dothi. Amayi amadziŵa bwino luso la kuzira pansi ndi kutsutsuta makoma. Ntchito imeneyi simangokongoletsa nyumba ayi. Imatsekanso ming'alu mmene mumabisala nsikidzi, mphemvu ndi nkhufi. Momwemonso kutseka mipata ya pakati pa khoma ndi denga kumachepetsa udzudzu umene umafalitsa malungo.

Maziko

Khoma ladothi limayamba kufa kumapazi. Madzi otsika pa denga akamagwera m'tsinde mwa khoma, amalinyowetsa mpaka kulifeŵetsa, ndipo tsiku lina limangoti phwa! N'chifukwa chake makolo athu ankamanga nyumba zokhala ndi khonde kuzungulira, ndi denga lotulukira kunja. Chaka chilichonse khonde liyenera kukwezedwa ndi dothi lotsendera, lotsetserekera kunja. Pafunikanso kukumba ngalande yopatutsa madzi, makamaka ngati nyumba ili m'munsi mwa chitunda. Mvula ikayamba, ngalandeyo iziyeretsedwa kaŵirikaŵiri kuti isatsekeke ndi zinyalala. Mitengo ikuluikulu monga bulugamu isabzalidwe pafupi ndi nyumba, chifukwa mizu yake imasokoneza maziko ndipo nthambi zake zingagwere denga.

Chiswe

Mdani wachiŵiri ndiye chiswe. Chiswe chimadya mtengo m'kati, kunja kukuoneka bwinobwino. Chimaopa kuŵala, motero chimamanga tinjira tadothi tokwera pa khoma. Mmisiri akaona tinjira timeneti amatigumula, natsata kumene tachokera. Amagogodanso mitanda ndi nsichi. Mtengo wamoyo umalira mogonthera, koma wodyedwa umalira ngati ng'oma.

Mitengo ina, monga mlombwa ndi mkungudza wa pa phiri la Mulanje, sidyedwa msanga ndi chiswe. Koma mitengo imeneyi yasoŵa chifukwa chodulidwa mosasamala, ndipo ambiri amamangira bulugamu kapena paini. Mitengo yotere imafunika kupakidwa mankhwala oteteza ku chiswe isanaikidwe pa nyumba. Nkhuni, mapesi ndi matabwa akale zisaunjikidwe m'mbali mwa khoma, chifukwa zimaitana chiswe.

Zitseko ndi mipopi

Kodi mudaonapo chitseko chikukana kutsekeka nthaŵi ya dzinja? Thabwa limamwa chinyezi cha mumpweya ndi kufufuma. Wosadziŵa amachimenya ndi phazi mpaka kuthyola loko. Mmisiri amayang'ana pamene chikukhuza, napalapo pang'ono chabe, popeza chilimwe chikadza thabwalo lidzabwerera mwakale. Kupaka penti mbali zonse za chitseko, ndi pansi pomwe, kumaletsa chinyezi kuloŵa. Mahinjesi olira amangofuna dontho la mafuta. Ngati sikuluu yamasuka chifukwa chiboo chakula, mmisiri amaloŵetsamo timitengo ta machesi topaka guluu, naimanganso.

M'nyumba za mipopi, mpopi wodontha umataya madzi usana ndi usiku, ndipo madziwo amalipiridwa. Kaŵirikaŵiri chimene chatha ndi kamphira kakang'ono ka m'kati. Mmisiri amayamba watseka madzi oloŵa m'nyumba, namasula mpopiwo ndi sipanala, naikamo kamphira katsopano.

Kupeŵa ngozi

Ntchito zina si za ana. Mawaya a magetsi amakonzedwa ndi munthu amene adaphunzira ntchitoyo, ndipo waya wakugwa kuchokera pa mtengo wa magetsi sayenera kukhudzidwa, koma auzidwe a ESCOM. Makwerero ayenera kuima pa nthaka yolimba, munthu wina atawagwira. Ngati afika mamita 4 m'mwamba, mapazi ake atalikirane ndi khoma mita imodzi. Misomali yakale isatayidwe pabwalo. Munthu akabayidwa ndi msomali atsuke balalo ndi sopo ndi madzi oyera, ndipo apite ku chipatala msanga, chifukwa tizilombo ta kafumbata timaloŵera pa mabala otere.

Zida nazonso zimafuna chisamaliro. Nyundo, sowo, chikwanje ndi mpeni womangira zizipukutidwa ntchito ikatha, zizipakidwa mafuta pang'ono ndi kusungidwa pouma, patali ndi ana aang'ono. Chida chobwereka chibwezedwe tsiku lomwelo.

Nanga inu ana mungathandize bwanji? Mungathe kututa udzu ndi mchenga, kuwaza madzi pa simenti, kuyeretsa ngalande ndi kutola misomali. Koposa zonse, muli ndi maso akuthwa. Mukaona kadontho pa denga, mng'alu pa khoma kapena njira ya chiswe, uzani makolo anu tsiku lomwelo. Kusukulu uzani aphunzitsi. Msomali umodzi wokhomedwa m'mwezi wa Okutobala ungathe kupulumutsa denga, chakudya cha m'nyumba ndi miyoyo ya ogonamo m'mwezi wa Januwale.

Mafunso

1. N'chifukwa chiyani mmisiri amazungulira nyumba asanayambe ntchito?
2. Kodi msomali wa lata uyenera kukhomedwa pati? Perekani chifukwa chake.
3. Mmisiri amadziŵa bwanji kuti maziko a nyumba akutitimira?
4. Fotokozani mwatsatanetsatane kakonzedwe ka mng'alu waung'ono pa khoma lanjerwa.
5. Tchulani zizindikiro ziŵiri zosonyeza kuti m'nyumba mwaloŵa chiswe.
6. Kodi mwambi wakuti "Zengerezu adalinda kwaukwau" ukutiphunzitsa chiyani m'nkhaniyi?

Ntchito

(a) Pangani ziganizo ndi mawu aŵa: kufolera, mapaso, kufumbwa, kusasula, kutitimira.
(b) Pamodzi ndi aphunzitsi anu, zungulirani chipinda chimene mumaphunziriramo. Lembani m'makope mwanu zonse zofunika kukonza, kuyambira ndi chimene chili chofulumira koposa.